Tsiku Limene Vocho ya Don Anselmo Inaleka Kudontha

Kwathu ku Cuautepec galimoto yosadontha oyilo timaikayikira. Tikaona pouma pamene vocho yagona, timathamangira kukasolola kandodo koyezera, chifukwa kuuma kotere nthawi zambiri kumatanthauza kuti m'mimba mwake mulibe kanthu. Misewu yathu inaima chilili, magalimoto atsopano amafika pakati pa phiri n'kuyamba kulira ngati ana, koma timagalimoto takale timeneti totchedwa vocho, ta msana wa kamba ndi injini kumbuyo, timakwera mpaka kunyumba yomaliza. N'chifukwa chake kadontho kake timakakhululukira. Tonse timakhululuka, kupatula Don Anselmo Quiroz.

Don Anselmo anayendetsa takisi m'mapiri muno kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi zitabalalika, ndipo palibe anawaonapo ndi malaya othimbirira. Malaya awo anali oyera mbee, osita okha, chifukwa ankati mkazi wawo, Doña Herlinda, kolala saidziwa. M'thumba lakumbuyo munkakhala kansalu kofiira kopukutira, koma nako ankakachapa tsiku ndi tsiku mpaka kukhala kaukhondo kuposa mipango ya anthu ena. Pamalo pathu podikirira okwera ankabwera ndi tsache lawolawo la ndodo yobiriwira n'kusesa pamene aimike. Akaimika, ankasolola katoni pansi pa mpando n'kuyala pansi pa injini. Ife tinkawatcha Adokotala, ndipo dzinalo silinkawanyansa ayi.

Achikulire okha ndiwo ankadziwa kumene ukhondowu unachokera. Bambo awo ankagulitsa makala pa bulu, ndipo makalawo anali atalowa m'mizere ya manja mwakuti sopo analephera. Anselmo ali mnyamata, pa tsiku lotsekera sukulu anawauza kuti asabwere, anzake angamuseke. Mkuluyo sanabwere, sanakalipe, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka kumanda. Mwana wa wamakala anakula akuthawa chilichonse chodetsa, ngati kuti chikumulondola.

Chodabwitsa n'chakuti mnzawo wapamtima anali munthu wa girisi kuposa onse m'phiri muno, makaniko Fidencio Barrón, amene tonse timati a Lencho. A Lencho akamadya, chakudya amachigwira ndi pepala. Ubwenzi wawo unafika pakuti a Lencho atabereka mwana wamkazi, Yesenia, Don Anselmo ndiwo anamunyamula pa ubatizo. Kuyambira pamenepo awiriwa anasiya kutchulana mayina, ankangoti kompadre, ndipo mwanayo anakula akuti padrino. Don Anselmo ndi Doña Herlinda sanapatsidwe mwana. Mawu oti padrino ndiwo anali chuma chawo, ndipo Yesenia akawaitana choncho pamsewu, Adokotala ankawongoka ngati awonjezeredwa msinkhu.

Mkangano wa akompadre awiriwa unali umodzi wokha, zaka zonsezi. Pambali pa pothirira oyilo pamatuluka kapayipi kakuda kolendewera pansi, ndipo kadontho ka vocho ya Don Anselmo kankachokera pamenepo.

"Kompadre, kamchira aka sitingakadule?" ankatero Don Anselmo.

"Mudule mphuno yanu poyamba, tione ngati muchira chimfine," ankayankha a Lencho ali chagada pansi pa galimoto. "Injini imapuma, kompadre. Mapisitoni akamaponda, mpweya wina umathawira pansi, kumene kumakhala oyilo. Mpweya umenewo uyenera kutuluka. Ukatuluka umanyamulako kankhungu ka oyilo, basi ndi kadontho kanu kameneko."

"Koma n'zauve."

"Zauve ndi zimene zingachitike mutatseka. Mpweya wosowa khomo umaboola khoma. Isiyeni nkhalambayi izitsokomola."

Don Anselmo ankapukusa mutu n'kuyala katoni yawo.

Yesenia atayandikira zaka khumi ndi zisanu, abale anagawana za phwando lalikulu monga timachitira mtsikana akafika msinkhu umenewu. Wina anatenga keke, wina oimba, azakhali ake a ku Ecatepec anatenga diresi. Anzake onse ankapita ku Misa yawo pa zigalimoto zazitali zobwereka, zimene kwathu kuno zimakanika kukhota, koma Yesenia anakana.

"Ine ndikwera ya padrino," anatero. "Ilibe mpando wa wokwera kutsogolo, diresi langa likwana lonse. Ndipo ndi yaukhondo kuposa mbale za amayi."

Don Anselmo atamva anapita kuseri kwa nyumba kukapukuta m'maso. A Lencho anaitenga galimotoyo n'kuigwira ngati yawo: anasintha oyilo, anaika magasiketi atsopano, anakunga lamba, osalola kumva za malipiro. Anaibweza ikulira mokoma.

Mawu amene anawononga zinthu anachokera kwa mayi a Yesenia, Doña Socorro, ndipo anali nthabwala chabe. Bwalo la tchalitchi chathu linali litangoyalidwa miyala yoyera, ndipo akuluampingo ankalilonda ngati dzira.

"Kompadre," anatero Doña Socorro akuseka, "galu wanuyu asakatikodzere pakhomo pa tchalitchi. Kapena mukayala katoni yanu ija pamaso pa wansembe?"

Onse anaseka, a Lencho ndiye mpaka kutsamwa. Don Anselmo nawo anaonetsa mano, koma mawuwo anawabaya. Ankadziona ali mu suti, akugwada pamaso pa alendo n'kumakankha katoni pansi pa galimoto. Ankaonanso china choipa kuposa apo, banga lakuda pamwala woyera, anthu akuloza kuti ndi la Adokotala.

M'mawa wa tsikulo, galimoto atamaliza kuitsuka ndi kuimanga maluwa, anaima nayang'ana kapayipi kaja. Kunsonga kwake kunali kadontho kakulendewera, konenepa, kosafulumira. Anatenga tsache lawo, nadula kachidutswa kumapeto kwa ndodo. Sanangokadula n'kukasomeka ngati mmene tikanachitira ena. Anakasema bwinobwino kuti kasongoke, anakapala ndi sandipepa mpaka kusalala, mbali yobiriwira n'kutsala kumutu. Kenako anakakhomerera m'kapayipi n'kumanga ndi waya, nsonga za waya n'kuzipinda kuti zisabaye munthu. Munthuyu ngakhale cholakwa ankachichita mwaukhondo.

Mawu a kompadre ankawadziwa pamtima, sitinganene kuti anaiwala. Anangodziuza kuti n'za tsiku limodzi, ndipo Misa ikangotha akachotsa.

Kupita kutchalitchi n'kotsetsereka, injini siivutika. Anafika bwino, Yesenia anatsika ngati mtambo wa pinki, ndipo galimoto inaima pamiyala yoyera Misa yonse. Potuluka Doña Socorro anawerama dala n'kusuzumira pansi. Panali pouma gwa.

"Taonani zodabwitsa!" anafuula. "Galu wa kompadre waphunzira ulemu!"

Madalaivala anzathu anabwera kudzaona okha. Wina anati Adokotala aichita opaleshoni. A Lencho anaima poteropo mu suti yobwereka, manja atawakwecha ndi mandimu sabata yonse mpaka kusupuka, ndipo anakweza nsidze koma sanafunse, poti anthu ankawayamikiranso iwo monga makaniko. Imeneyo ndiyo inali nthawi yochotsa kamtengo kaja. Koma Don Anselmo achotsa bwanji anthu atazungulira chonchi? Ndiponso kutamandidwa kumakoma. Don Anselmo anatsegulira Yesenia chitseko n'kuliza injini.

Zithunzi zinali zokajambulira pamwamba penipeni, pamene mzinda wonse umaoneka, ndipo njira yakumeneko ndi ija timaikwera pa giya yoyamba tikupemphera. Kumbuyo kunakhala Yesenia ndi mayi ake. Ali pakati pa chitunda, Don Anselmo anamva fungo limene mphuno yawo inkalidziwa kuposa fungo lililonse, la oyilo wopsa. Anayang'ana pagalasi naona kautsi kabuluu.

"Chikununkha n'chiyani?" anafunsa Doña Socorro.

"Ndi basi yadutsa ija, komadre."

Pachitunda chotere suima. Anapondabe mafuta, thukuta likutsikira mu kolala. Kumbuyoko mpweya wosowa khomo unali utapeza makomo ake. Unakankha oyilo kuseri kwa gudumu la lamba, lamba n'kumamwaza ponseponse, wina n'kumatulukira m'timipata ta chitseko cha injini. Galimotoyo ndi yobiriwira modera ndipo inali yopakidwa polishi, choncho kunyowako kunkangooneka ngati kunyezimira.

Atafika pamwamba, asanatsike n'komwe bwinobwino, wojambula anali atayamba kale kulamula. Alendo anali akutsika m'magalimoto ena.

"Mfumukazi, tsamirani kumbuyo kwa galimotoko. Eya, msana wonse. Mutu cham'mbali. Mwatha!"

Don Anselmo anatsegula pakamwa. Kukanakhala kufuula, nthawi inalipo. Koma kufuula kunali kuvomera kuti akudziwa, ndiye anatsekanso pakamwapo.

Yesenia atadzuka n'kutembenuka, azakhali ake a diresi anakuwa. Kumsana konse kunali mizeremizere yakuda, yolinganira bwino ngati nyama yowotcha pa waya, ndipo m'munsi, pamene diresi linakhudza bampa, linali litamwa oyilo ngati buledi mu tiyi. Wina anatsegula chitseko cha injini, utsi n'kutuluka. M'katimo munali nyansi zokhazokha.

"Wagwira injini imeneyi ndani?" anafunsa azakhaliwo.

Anthu anayang'ana Don Anselmo, oyera mbee ngati nthawi zonse. Ndipo iwo, mwini kamtengo, anayankha motsitsa mawu.

"Ine injini sindigwira. Amandigwirira ndi kompadre."

Maso onse anatembenukira kwa a Lencho. Iwo anali atawerama kale pa injiniyo, akupukusa mutu, osamvetsa, dzanja la suti yobwereka litalowa mu oyilo. Kapayipi kaja kamalendewera kunsi, kosaoneka ukaima.

"Ndinaika zonse zatsopano," ankangobwereza. "Zonse zatsopano, Socorro."

"Khalani chete!" anatero Doña Socorro. "Magalimoto a anthu mumakonza, koma ya mwana wanu yomwe!"

Yesenia sanalire msanga. Anayang'ana bambo ake.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikununkha oyilo wanu," anatero. "Kusukulu amandinunkhiza malaya. Tsiku limodzi lokha, papa. Ndinapempha tsiku limodzi lokha loti musandidetse."

A Lencho anabisa manja kumbuyo. Don Anselmo anawadziwa mawu amenewo, chifukwa anali awo omwe, a mwana wa wamakala uja, atangosintha chovala. Anathyola khosi n'kumayang'ana nsapato zawo zonyezimira.

Phwando linachitikabe, poti chakudya chinali chitaphikidwa. Yesenia anamufunditsa shawelo yaikulu ya agogo ake. Gule woyamba, uja mwana amavina ndi bambo ake, anavina ataumitsa khosi, akuyang'ana kukhoma. Koma itafika nthawi ya padrino anatsamira mutu paphewa pawo.

"Pepani padrino, akuwonongerani galimoto yanu," anawanong'oneza.

Don Anselmo anamva ngati ameza khala la moto. Anavina mpaka nyimbo kutha.

Galimoto inagona pamwamba pomwepo, ndipo m'mawa mwake a Lencho anaikokera kugalaja kwawo Don Anselmo asanapeze mpata woyandikira. Masiku otsatira anali owawa. Pamalo podikirira okwera nkhani inali imodzi. Ife madalaivala tili ndi pakamwa poipa, ndipo sindidzichotsapo. Tinkati a Lencho ayamba ntchito yopenta madiresi. Ena anayamba kupititsa magalimoto awo kwa makaniko wa kumunsi. Don Anselmo tinkawapepesa, iwo n'kumangogwedeza mutu. Chakudya chinawakanika. Ankasesabe pakhomo pawo m'mawa uliwonse, koma tsopano mowerama pang'ono.

"Tsacheli lafupika bwanji?" anafunsa Doña Herlinda tsiku lina.

"Linathetheka kumapeto."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera kukhitchini. Anakhala nawo zaka zambiri, ankadziwa kuti mwamuna wawo chinthu chothetheka amataya, sadula.

Kangapo konse anavala kuti akwere kwa kompadre, kangapo konse anabwerera pa geti. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo Adokotala anali kufa ndithu, ali chiimire, malaya ali mbee.

Lachinayi masana anamva kulira kwa injini imene akanaizindikira ngakhale ali m'tulo. A Lencho anaimika vocho pakhomo, yotsukidwa mpaka kunsi. Anatsika ndi ovolosi yawo yamasiku onse, nkhope itagwa ngati munthu wochokera kumaliro.

"Yatha, kompadre. Ndasintha zonse zimene zinaphulika."

"Mwavutika, kompadre. Lowani, Herlinda apange khofi."

"Ayi, ndadetsedwa."

Tsache linali litatsamira khoma pafupi ndi chitseko. A Lencho analitenga, nalitembenuza, napisa m'thumba. Anatulutsa kamtengo kosongoka, kakuda ndi oyilo, kumutu kuli kobiriwira, nakakhazika pamwamba pa ndodoyo. Kanakhala ndendende, ngakhale mzere wa sowo unagwirizana.

"Ntchito yabwino," anatero a Lencho. "Ndinangoona kapindidwe ka waya ndinadziwa. M'phiri lonse lino palibe wina angapale chotsekera ndi sandipepa."

Don Anselmo anagwira chitseko.

"Kompadre, ine..."

"Ndinakuuzani kangati kuti imapuma?"

"Munandiuza."

"Zotseka sindikudandaula nazo. Dalaivala aliyense ali ndi tsiku lake lopusa. Koma munaima pomwe paja, kompadre. Munamva zimene mwana ananena."

A Lencho anachotsa kamtengo kaja n'kukaika m'dzanja la Don Anselmo, nawapinditsa zala.

"Sindinauze munthu, ngakhale Socorro. Sungani. Mwanayu bambo wauve ali naye kale, anazolowera. Musiyeni akhale ndi padrino woyera."

Anatembenuka n'kuyamba kukwera phiri wapansi, pang'onopang'ono, osacheuka.

Don Anselmo akanakonda kumenyedwa ndi sipanala. Anaima pakhomo nthawi yaitali, oyilo wa kamtengo kaja akulowa m'mizere ya dzanja. Anakumbukira manja ena otere, a bambo awo, amene sanabwere kusukulu ndipo sanadandaule. Uja anapita osapepesedwa. Anasisita dzanjalo pachifuwa osadziwa, malaya n'kuda, ndipo kwa nthawi yoyamba sanathamangire kukasintha. Anatenga tsache n'kulowa m'galimoto.

Kugalaja anapeza a Lencho atafika kale, miyendo yokha ikuoneka pansi pa takisi ina. Yesenia anali akuchokera kusukulu. Anadutsa miyendo ya bambo ake osapereka moni, monga ankachitira sabata yonseyo, koma ataona vocho nkhope yake inawala.

"Padrino! Yachira? Koma malaya anuwo mwatani?"

"Bwera kuno, mwanawe."

"Kompadre, musatero," anatero mawu ochokera pansi pa takisi.

Don Anselmo anatero ndithu. Anamuonetsa kapayipi, anamuonetsa kamtengo, anakakhazika pa tsache monga anachitira a Lencho. Anafotokoza zonse mosakometsa, za miyala yoyera, za fungo pachitunda, za wojambula. Mawu ankatuluka okhadzulakhadzula. Doña Socorro anali atatuluka m'nyumba, ataphimba pakamwa ndi dzanja.

Yesenia za diresi sanafunse n'komwe.

"Ndiye pamene ndinkawalalatira papa pamaso pa anthu onse aja, inu munali mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo munavina nane."

"Ndinavina nawe."

Mtsikanayo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, ngati akuona munthu wachilendo. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndibwerekeni kansalu kanu."

Don Anselmo anasolola kansalu kofiira kaja, kochapa ndi kosita. Yesenia anakatenga n'kupita pa takisi paja, nagwada pansi pa girisi ndi yunifolomu yake ya sukulu.

"Papa, tulukani."

A Lencho anatuluka chokwawa, akuphethira ndi kuwala. Anafuna kubisa manja, koma mwanayo anagwira limodzi n'kuyamba kulipukuta, chala chimodzichimodzi, misozi ikugwera pomwepo. Oyilo wa zaka zonsezo sachoka ndi kansalu, ndipo onse awiri ankadziwa, koma anapukutabe. A Lencho ankangoti, "Basi, mwanawe, udetsa malaya."

Don Anselmo anadikira pang'ono, tsache lili m'manja. Ataona kuti palibe akuwafuna, anatsegula chitseko cha galimoto. Yesenia anadzutsa mutu.

"Muyende bwino, Don Anselmo," anatero mwaulemu wonse.

Chiphunzirire kulankhula, mwanayo anali asanawatchulepo dzina.

Mpaka lero Don Anselmo amakwera ndi kutsika mapiri athu, ndipo galimoto yawo amakonza ndi a Lencho, amene makasitomala awo, choonadi chitamveka, tinabwerera tonse tili zyoli. Akompadre awiriwa amalankhulana, za mabuleki ndi za mvula. Dzina la Adokotala linafa lokha. Katoni anasiya kuyala, moti pamene amaimika pali banga lakuda lofanana ndi la tonsefe. Yesenia ndi wamkulu tsopano, ndipo akamadutsa pamalo pathu amawapatsa moni wabwinobwino, wa dzina. Iwo amavula chipewa n'kuyankha, kenako amamuyang'ana mpaka akhote pakona, ngati mwina angacheuke n'kuwonjezera liwu lina.